Mwana Wamasiye Akulire Kuti?

Lero tikambirana funso limene mabanja ambiri amakumana nalo maliro akangotha, okhuza atabalalika, pakhomo patatsala ana okhaokha: kodi anaŵa akulire kuti? Ena amati apite kwa agogo awo. Ena amati awatenge abambo awo aang'ono. Masiku ano aliponso amene amati nkwabwino kuwafunira malo ku nyumba yosungirako ana amasiye, kumene kuli chakudya katatu pa tsiku, pogona pabwino ndi sukulu yosalipira. Kuti funsoli tilimvetse, tiyeni tipite ku Jenda ndi kumidzi ya kummwera kwa boma la Mzimba, pakuti kumeneko zinthu zolekanitsa mwana ndi makolo ake zimaonekera poyera, ndiponso mwambo wolerera ana pachibale ngwakale ndithu.

Ana a kummwera kwa Mzimba

Munthu wochokera ku Lilongwe pa msewu waukulu wa M1, akadutsa Kasungu naloŵa m'boma la Mzimba, amafika pa Jenda. Pamenepo pali msika wotchuka ndi matimati, anyezi ndi mbatata ya kachewere. Pali msewu wopatukira ku Embangweni ndi ku Edingeni, likulu la Inkosi ya Makosi M'mbelwa, ndipo malire a dziko la Zambia, njira ya ku Lundazi, sali kutali. Ndi malo a apaulendo, ndipo ulendo ndiwo wakhala moyo wa dera limeneli kwa zaka zoposa 100.

Kuyambira m'masiku a atsamunda, amuna a ku Mzimba ankapita kukagwira ntchito ku Harare ndi kumigodi ya ku Joni. Kulemba anthu ntchito kudzera ku Wenela kunaimitsidwa m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu a ku Malaŵi oposa 70, ndipo ngakhale kunayambanso pambuyo pake, kunadzatheratu m'chaka cha 1988. Komabe ulendo wa ku Joni sunathe ayi. Lero achinyamata, amuna ndi akazi omwe, amakwera mabasi paokha kupita ku South Africa. Ena amatumiza ndalama namanga nyumba za malata. Ena amatchona osamvekanso. Pamwamba pa zimenezi panadza matenda a Edzi, amene anapezeka koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1985, natenga makolo ambiri asanakalambe, kufikira pamene mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kwaulere m'chaka cha 2004.

Motero m'midzi imeneyi muli ana a mitundu itatu amene sakulira pa miyendo ya makolo awo onse: amene anafedwa makolo onse aŵiri, amene anafedwa kholo limodzi, ndi amene makolo awo ali moyo koma ali kutali. Ochuluka mwa ana otereŵa, ku Mzimba kuno monganso m'maboma ena onse, akuleredwa ndi abale, makamaka agogo aakazi. Amene ali m'nyumba zosungira ana ndi oŵerengeka chabe.

Mwambo wa makolo

Pakati pa Angoni ndi Atumbuka a ku Mzimba, malowolo akaperekedwa mwana amakhala wa kuchimuna. Amatenga chiwongo cha bambo wake, nakulira pamudzi wa bambo wake, ndipo munda wake wa mtsogolo uli komweko. Mchimwene wa bambo amatchedwanso dada, ndipo si ulemu wapakamwa chabe, pakuti bambo akamwalira udindo umagwera pa iye. Mlongo wa bambo, amene kumeneko amati nkhazi, ali ndi mawu aakulu pa nkhani za anawo. Malume, amene amati sibweni, amalemekezedwa, koma siye mwini ana. Izi nzosiyana ndi za Acheŵa a ku Kasungu, Dowa kapena Lilongwe, kumene malume ndiye mwini mbumba. Njira nzosiyana, koma cholinga nchimodzi: mwana aliyense akhale ndi munthu wamkulu woyankha za iye.

Mayi wina wa ku England, Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, analongosola m'buku lake la m'chaka cha 1959 mmene agogo aakazi a kuchimuna analili ndi mphamvu pa kaleredwe ka zidzukulu zawo, ndi mmene anyamata akasinkhuka ankachokera m'nyumba ya amayi awo kukagona pamodzi ndi anzawo. Atumbuka nawonso anali ndi mphala ya anyamata ndi nthanganeni ya atsikana. Choti tizindikire apa nchakuti, ngakhale mwana ankagona kunja kwa nyumba ya amayi ake, sankagona kunja kwa mudzi wake. Womdzutsa mmaŵa, womlanga akalakwa ndi wompatsa nsima anali anthu omwewo amene adzamfunire mbeta ndi kumlozera munda.

Mmene nyumba zosungira ana zinachulukira

Edzi itafika pachimake, mabanja ambiri analema. Gogo mmodzi ankatsala ndi zidzukulu zisanu kapena zisanu ndi ziŵiri, mphamvu zolimira alibe. Mipingo, mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino a kunja anaona chisoni namanga nyumba zosungiramo ana. Kafukufuku wa Boma wa m'chaka cha 2011 anapeza nyumba zotere 104 m'dziko lonse, momwe munali ana oposa 6,000. Pofika m'chaka cha 2014, bungwe la Malawi Human Rights Commission linaŵerenga ana oposa 10,000.

Chodabwitsa chimene ofufuza anapeza, kuno kwathu ndi kumaiko ena, nchakuti ana ambiri a m'nyumbazi ali ndi kholo limodzi lamoyo kapena abale apafupi odziŵika bwino. Ambirife tikukumbukira nkhani ya m'chaka cha 2006, pamene woimba wa ku America, Madonna, anatenga mwana wamwamuna ku nyumba ina yosungira ana ku Mchinji. Dziko lonse lapansi linkati mwanayo ngwamasiye, koma bambo wake anali moyo. Mayi ndiwo anamwalira mwanayo ali wakhanda, ndipo bamboyo anampititsa kumeneko posoŵa chomdyetsa.

Nkhani imeneyi ikutionetsa gwero la vutoli. Chimene chimapititsa mwana ku nyumba yosungira ana kaŵirikaŵiri si kusoŵa abale, koma umphaŵi. Mayi akamwalira pobereka, mkaka wa m'chitini ngwodula kwambiri kwa mlimi wa kumudzi. Mwana akasankhidwa kupita ku sekondale, zofunika zake zimaposa chimene gogo angapeze pogulitsa nkhuku. Mwana akakhala wolumala, pakhomo pamasoŵa wodziŵa kumsamala. Tsono anthu akamva kuti kwakutikwakuti kuli nyumba yopereka zonsezi, amampereka mwana ndi misozi, poganiza kuti akumchitira zabwino.

Zimene mwana amataya

Palibe amene angakane kuti nyumba zina zinapulumutsa miyoyo ya ana amene akanafa, ndiponso kuti ambiri ogwira ntchito m'menemo ndi anthu achifundo. Vuto silili m'mitima yawo, koma m'kakonzedwe ka malowo.

Khanda limakula ndi munthu mmodzi amene amalidziŵa. Likalira amadziŵa ngati ndi njala kapena tulo, likamwetulira amalimwetulira, likayamba kugwegwetsa mawu amaliyankha. Madokotala amatiuza kuti ubongo wa mwana umakula msanga koposa m'zaka zitatu zoyamba, ndipo chimene chimaukulitsa ndiko kuyankhana kumeneku, tsiku ndi tsiku, ndi nkhope yomweyo. M'nyumba yosungira ana, wolera mmodzi amayang'anira makanda ambiri. Amaŵeruka madzulo nkubwera wina. Chaka chamaŵa amapeza ntchito kwina. Mwana amadya, amasamba, koma alibe wake. Nchifukwa chake alendo akafika pa malo otere ana amawathamangira ndi kuwakangamira ngakhale sanawaonepo. Alendowo amayesa kuti ndi chimwemwe, chikhalirecho ndi chizindikiro cha njala ya chikondi.

Umboni waukulu wa zimenezi unachokera ku Romania. Ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu utagwa m'chaka cha 1989, kunapezeka ana oposa 100,000 m'nyumba za Boma, ambiri a iwo ali opinimbira m'thupi ndi m'nzeru. Kuyambira m'chaka cha 2000, akatswiri a ku America anatsatira ana aang'ono 136 a m'nyumba zotere mumzinda wa Bucharest. Theka la iwo anaperekedwa kwa mabanja owalera, ena anatsala. Patapita zaka, amene anakulira m'mabanja anaposa anzawo pa nzeru, pa kulankhula ndi pa kukhulupirira anthu owasamala, ndipo amene anachotsedwa asanakwanitse zaka ziŵiri ndiwo anapindula koposa. Nyumba za kuno kwathu sizifanana ndi za ku Romania m'zonse, koma phunziro lake limatikhudza: mwana akakhalitsa, ndiponso akaloŵa ali wamng'ono, chiwonongeko chimakula.

Palinso kutaya kwina kumene munthu wa ku Mzimba angakumvetse msanga. Mnyamata wa ku Champhira kapena ku Luwerezi akatengedwa ali ndi zaka zitatu nakakulira ku Lilongwe, amabwerako atakwanitsa zaka 18, pamene nyumbayo yati tsopano wakula. Amafika pamudzi Chitumbuka sachidziŵa, manda a bambo wake sawadziŵa, khasu ndi goli la ng'ombe sanazigwirepo. Munda umene unali wa bambo wake akulima ena kwa zaka 15, ndipo mfumu imavutika kuweruza mokomera munthu amene mudzi sukumdziŵa. Akafuna kukwatira, wokamlankhulira ndani, ndipo ng'ombe za malowolo zichoka m'khola la yani? Mwina ali ndi satifiketi ya sukulu m'manja, koma pa dziko lapansi alibe pamene angati mpakwathu.

Kwa abale nako kuli minga

Tisanamizane, omvera, kuti mwana aliyense wokhala kwa abale ali pa mtendere. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, koma tonse tikudziŵa mabanja amene analiwola. Alipo amene amalandira mwana wamasiye chifukwa cha ng'ombe, njinga ndi malata a malemu, chumacho chikatha mwanayo nkusanduka katundu wolemera. Alipo ana amene amaŵeta ng'ombe anzawo a m'nyumba yomweyo ali m'kalasi, ndi ena amene amapirira dzuŵa pamsewu atasenza beseni la matimati. Alipo atsikana amene amakwatiwitsidwa msanga kuti pakhomo pachepe pakamwa ndi kuti m'khola muloŵe ng'ombe. Aliponso amene amachitidwa zamanyazi ndi anthu omwe anayenera kuwateteza. Mkazi wamasiye naye nthaŵi zina amauzidwa kuti abwerere kwawo, ana nkutsala, motero mwana amene anafedwa bambo yekha amatayanso mayi ali moyo.

Malamulo a dziko lino sakulekerera zimenezi. Lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limati kulanda chuma cha womwalira ndi mlandu, ndipo oyamba kuganiziridwa pa chumacho ndi mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira kapena kukwatiwa, ndipo m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziŵerengedwa mwana. Choncho ponena kuti mwana akulire m'banja, tikunena banja lothandizidwa ndiponso loyang'aniridwa, osati kungomponya mwana pakhomo lililonse ndi kutembenuka.

Njira zisanu, motsatana kwake

Kuyambira m'chaka cha 1992, pamene Boma linatulutsa malangizo oyamba a kasamalidwe ka ana amasiye, ndi m'ndondomeko ya m'chaka cha 2003, mfundo ya dziko la Malaŵi yakhala yakuti nyumba yosungira ana ikhale njira yomalizira. Bungwe la United Nations linagwirizana ndi mfundo yomweyi m'malangizo ake a m'chaka cha 2009, amene amati umphaŵi pawokha usakhale chifukwa chochotsera mwana kwa makolo ake, ana osakwana zaka zitatu aleredwe m'banja, ndipo ana a mimba imodzi asalekanitsidwe popanda chifukwa chenicheni. Lamulo lathu la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la m'chaka cha 2010 ndilo limalongosola mmene zinthu ziyenera kuyendera.

Njira yoyamba ndiyo kuthandiza kholo lotsala kuti lisunge mwana wake. Ngati chosoŵa ndi mkaka, upezeke mkaka; mwana asachoke chifukwa cha chitini.

Yachiŵiri ndiyo abale: agogo, adada, ankhazi, kapena asibweni a kuchikazi ngati kumeneko ndiko kuli chikondi ndi kuthekera. Mwana amene wayamba kuzindikira afunsidwe kumene akufuna kukhala, pakuti ana amadziŵa bwino khomo limene amalandiridwa.

Yachitatu ndiyo banja lina, losakhala lachibale, limene ladzipereka kulera mwana kwa kanthaŵi. Ofuna kutero amakalembetsa kwa mkulu woona za chisamaliro cha anthu pa boma, amene amayendera khomolo asanapereke mwana ndiponso atampereka. Mwanayo amasunga dzina lake ndi abale ake.

Yachinayi ndiyo kumtenga mwana kuti akhale wako mpaka muyaya. Izi zimachitika kudzera kubwalo la milandu lokha, osati pogwirizana kuseri.

Yachisanu ndiyo nyumba yosungira ana. Imeneyi tiifanizire ndi chipatala. Munthu akadwala amagonekedwa ku Embangweni, ku Katete kapena pa chipatala cha boma ku Mzimba, koma palibe amene amasamukira m'chipatala. Tsiku loloŵa lomwelo amayamba kuganiza za tsiku lotuluka. Khanda lotayidwa pamsika, mwana wothaŵa nkhanza usiku, kapena wodwalika amene mayi wake wamwalira, afunika malo otere mwamsanga. Lamulo la 2010 limalola wapolisi, wa zachisamaliro, mfumu kapena munthu wina aliyense wa m'mudzi kutengera mwana amene ali pangozi ku malo otetezeka, koma limati nkhaniyo ifike kubwalo la milandu ya ana pasanathe maola 48. Nyumba ya Open Arms ku Blantyre, imene inayamba m'chaka cha 1995, inakhazikitsidwa pa maganizo otere: kusunga makanda pa msinkhu woopsa, abale akumawayendera, kenaka ambiri nkubwerera kwawo.

Tisasokonezenso nyumba yosungira ana ndi sukulu yogonera komweko. Ana a pa sukulu ya osamva ya ku Embangweni amapita kukaphunzira zimene sangazipeze pa sukulu ya kumudzi kwawo, koma tchuthi chikafika amabwerera kwa makolo awo. Chingwe chowamanga ku mudzi sichiduka.

Chimene chimalimbitsa banja

Ndalama zosungira mwana mmodzi m'nyumba ya njerwa, polipira olera, alonda, ophika ndi magetsi, zikhoza kuthandiza ana angapo ali kwawo. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006 nifalikira m'maboma onse 28 pofika m'chaka cha 2018, imapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndi kandalama kapamwamba ka ana a pasukulu. Ambiri olandira ndi agogo olera zidzukulu. Ndalamazo nzochepa, ndipo sizifika kwa onse ovutika, koma zasonyeza kuti gogo akakhala ndi chogulira sopo, makope ndi ufa, safuna kupereka mdzukulu wake kwa alendo.

Sukulu za mmera mpoyamba, kumene ana aang'ono amaseŵera, kuphunzira ndi kumwa phala usana, zimapatsa gogo mpata wopita kumunda, madzulo mwana nkukagona kwawo. Amayi a Umanyano ndi magulu ena a m'mipingo amayendera makomo a ofedwa. Magulu a banki mkhonde amabwereketsa kampamba. Zonsezi nzazing'ono poziona, koma ndizo nsichi zimene zimagwira nyumba kuti isagwe.

Kubweza ana kwawo

Nanga ana amene ali kale m'nyumba zosungira ana? Dziko la Rwanda linayamba m'chaka cha 2012 ntchito yobweza ana m'mabanja, ndipo nyumba zambiri kumeneko zinatsekedwa kapena kusandutsidwa malo othandizira ana masana. Kuno kwathu, Boma mothandizana ndi bungwe la UNICEF linayesa ntchito yomweyi m'maboma a Blantyre, Lilongwe, Dedza ndi Mangochi. Chimene chinaphunziridwa nchakuti ntchitoyi safulumira nayo. Poyamba amafufuza abale. Kenaka amayendera khomolo kuona ngati pali chakudya, sukulu ndi mtendere. Mwana amayamba wapita kukacheza masiku oŵerengeka, nabwerera, napitanso. Akakhazikika, a zachisamaliro amapitiriza kumyendera kwa miyezi yambiri. Kumtula mwana pamudzi ndi thumba la chimanga, galimoto nkubwerera osadzaonekanso, ndiko kumsiya wamasiye kachiŵiri.

Mawu kwa omvera

Inu mafumu ndi madoda a m'midzi, pamene mukukamba za chuma cha malemu, kambaninso za ana, ndipo munda wa mwana wamasiye udziŵike pamaso pa mboni ali wamng'ono. Inu amene muli ku Joni kapena mukukonza ulendo, siyani ana anu m'manja mwa munthu amene mwagwirizana naye bwino, muwalembetse kalata ya kubadwa, ndipo musaleke kulankhula nawo, pakuti mwana sadya ndalama zokha. Inu a mipingo ndi ena amene muli ndi mtima wothandiza, musanayale maziko a nyumba ya ana amasiye, yambani mwafunsa chimene gogo wa mwanayo akusoŵa. Ndipo inu amene mwalandira mwana wa mbale wanu, mbale ya nsima ikhale imodzi ndi ya ana anu, ntchito zigaŵidwe mofanana, ndipo belu la sukulu likalira atuluke onse pamodzi.

Mukaona mwana akuzunzika, kaya ndi pakhomo la abale kaya m'nyumba yosungira ana, musati si zanga. Uzani mfumu, wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu, apolisi, kapena ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma, kapenanso imbani telefoni yaulere pa nambala 116. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambi umenewu ndiwo unasunga ana a dziko lino m'zaka za njala ndi za miliri, ndipo ukhoza kuwasungabe ngati tiuthandiza ndi manja athu.